Njuchi za m'Kope la Bushra

Bushra anagwada pakati pa nkhwani n'kutola kadzungu kena kamene kanathothoka. Kanali kakang'ono ngati dzira la nkhuku, kachikasu, kofewa kumchombo. Atakafinya pang'ono kanangoti phwa, madzi onunkha n'kumuyenderera m'zala. Aka kanali kachisanu ndi chimodzi sabata imeneyo yokha.

"Amayi, kenanso aka," anatero akukakweza m'mwamba.

Mayi Asiyatu anasiya kupalira, nabwera akupukuta thukuta ndi nsonga ya mpango. Anakayang'anitsitsa kadzunguko. Kenaka anaponya maso m'munda monse. Nkhwani unali utayanga bwino, masamba akuluakulu ali biriwiri, koma dzungu logwira panalibe ngakhale limodzi.

"Kakwirire, mwana wanga. Ndatopa nazo kuziona."

Kunena zoona, maungu si chinthu choti munthu wamkulu n'kugwetsera misozi. Pa Ngala pomwepa, nyengo yake ikafika umawapeza ali mbwee m'mbali mwa msewu wa tala, ogula kuchita kusankha. Koma maungu a Mayi Asiyatu sanali maungu wamba. Anali aatali khosi, khungu la mawangamawanga, m'kati mofiira kuti psuu, ndipo futali wake ankatsekemera popanda shuga. Mbewuyi anawasiyira ndi malemu mayi awo, ndipo kuyambira ku Dwangwa mpaka kwa Malengachanzi kunalibe wina amene anali nayo. Zaka ziwiri zotsatizana maunguwo anangochita maluwa osabereka. Mvula ya chaka chino itagwa, Mayi Asiyatu anakhuthula nthanga zomaliza zimene anasunga m'phulusa. Zinali zitakalamba, moti pa mapando makumi awiri anamera asanu ndi anayi okha. M'nyumba simunatsale ngakhale nthanga imodzi. Mapando amenewa akanakanika, ndiye kuti mbewuyo yapita osadzaonekanso.

"Ndi matipate awa!" anakuwa Mayi Enelesi ali m'munda mwawo, umene unachita malire ndi wa Mayi Asiyatu. Mayi ameneyu anali wa kwaya ku tchalitchi cha Anglican, ndipo pakamwa pake sipankadziwa tchuthi. "Chivotereni aliyense akuchita zake. Ana sakumva, mbuzi sizikumva, ndiye maungu amvere ndani?"

Tsiku limenelo Mayi Asiyatu sanaseke.

Lolemba lotsatira, mu Januwale wa 1996, pamsewu panatsika mtsikana wina wamtali atanyamula chikwama chodzaza makope. Uthenga unayenda kuti kwabwera mlendo ndipo akufuna alimi pansi pa mtengo wa mango wa kusukulu. Anthu anabwera ambiri, koma musaganize kuti anabwerera ulimi. Masiku amenewo mlendo aliyense wonyamula mapepala ankakhala wachipani, ndipo amayi ena anafika akuyembekezera kulandira nsalu.

Anamuikira mpando, iye n'kukhala pamphasa pamodzi ndi amayi.

"Dzina langa ndine Tabitha, ndachokera ku koleji ya zaulimi," anayamba motero. "Nsalu ndilibe, chipani ndilibe. Sindinabwerenso kudzakuphunzitsani kulima, chifukwa ulimi mumaudziwa kuposa ine. Ndamva kuti maungu, nkhaka ndi mpendadzuwa zikukana kubereka m'minda yambiri kuno. Zomera zimenezi sizibereka bwino popanda njuchi, ndipo ine ndikuganiza kuti njuchi zachepa. Koma kuganiza kokha sikuthandiza. Ndikupempha kuti tiziwerenge limodzi."

"Kuwerenga njuchi!" anatero Mayi Enelesi akuwomba m'manja. "Abale, tafika poti nazonso zilembetse mavoti?"

Anthu anaseka, Tabitha nayenso anaseka. Kenaka anagawa makope khumi ku mabanja khumi, lililonse ndi pensulo yake. Ntchito inali yosavuta. Tsiku lililonse masana, ana akangoweruka kusukulu, munthu aime pafupi ndi maluwa a maungu kanthawi kochepa, awerenge njuchi zimene zatera, alembe. Anati pakatha masabata awiri adzabweranso ndi ming'oma inayi yamatabwa yoti adzaike m'minda imene njuchi zasowa kwambiri.

Kope la banja la Mayi Asiyatu analandira ndi Bushra, poti anali mu Sitandade 8 ndipo masamu ankawatha. Bambo ake, a Sharifu, ankagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Dwangwa ndipo ankabwera kamodzi pamwezi, choncho za kumunda zonse zinali za iye ndi mayi ake.

Tsiku loyamba anathamanga kuchokera kusukulu, azana ya masana ikumveka kumzikiti. Anaima pamzere pensulo ili m'manja, dzuwa likumuwotcha pamutu. Maluwa onse anali atafota, atatseka pakamwa. Anadikira, nadikira, koma kunali zii. Analemba ziro. Tsiku lachiwiri ziro. Tsiku lachitatu ziro yemweyo.

Madzulo a tsiku lachitatulo kunabwera malume ake, a Fakiri, mlongo wawo wa Mayi Asiyatu. A Fakiri anali katswiri wofula njuchi, ngakhale kuti zaka zimenezi uchi unali utawasowa. Kuwerenga sankadziwa, koma ziro ankamudziwa.

"Kodi iwe, izi ndi zimene ukampatse munthu wa boma?" anafunsa akuloza m'kopemo.

"Ndi zimene ndaona, amalume."

"Iwe ndiwe mwana wadzana. Ife tinakhalapo ndi alangizi. Kunabwera wina kuno ndi mbewu yake ya chimanga, mbewuyo n'kukana. Amene ananena kuti yakana anatchedwa aulesi, ena anaitanidwa kukayankha kuti akunyozeranji chitukuko. Ife amene tinati yachita bwino tinagona tulo. Munthu wa boma umamuuza zomusangalatsa, iye azipita, iwe utsale."

"Koma anati tilembe zimene taona."

"Onse amatero," anayankha Mayi Asiyatu akusankha mpunga m'lichero. "Komanso tamvera chisoni, Bushra. Mwana wa eni wachoka kutali, wapanikizana m'minibasi tsiku lonse, iwe n'kumulandira ndi maziro okhaokha? Si ulemu umenewo. Lembamo kenakake."

Bushra anafufuta maziro aja ndi chala chamalovu. Analemba 8, kenaka 11, kenaka 9. Masiku otsatira sanavutikenso n'kupita kumunda masana. Ankangokhala pakhonde n'kulemba, akusinthasintha manambala kuti aoneke enieni. Mumtima ankachita manyazi ndithu, koma tisabise, ankanyadirakonso pang'ono kuti kope lake likuoneka bwino.

Tabitha anabweranso mwezi wa Ramazani utayamba. Anatsegula makope onse khumi, nkhope yake n'kuyamba kusintha. Lililonse linali ndi njuchi zake, ndipo la Bushra ndilo linaposa onse. Anapempha kuti akaone mundawo. Anapita iye, Bushra, Mayi Asiyatu ndi a Fakiri, ndipo Mayi Enelesi anatsatira osaitanidwa.

Tabitha anatembenuza masamba, natola timaungu towola, nayang'ananso m'kope. Anapukusa mutu.

"Amayi, apa ndasokonezeka. Ndimaganiza kuti vuto ndi njuchi, koma m'munda muno njuchi zilimo zambiri kuposa kwina kulikonse. Ngati njuchi zikubwera chonchi koma timaungu tikuthothokabe, ndiye kuti mwina vuto lili m'mbewu. Ingakhale ndi matenda. Ndikuopa kuti angafalikire kuminda ya anzanu."

"Ndiye titani, alangizi?" anafunsa Mayi Asiyatu ndi mawu apansipansi.

"Zikatere timalangiza kuzula n'kutentha. Ine ndidzakubweretserani mbewu ina yabwino. Koma mwina ndiyambe ndafunsa akuluakulu anga."

Mawu omalizawo Mayi Asiyatu sanawamve n'komwe. Iwo anakula akudziwa kuti mlangizi akati zula, umazula. Anavula mpango wa paphewa, naumanga m'chiuno, natola khasu.

"Chabwino, alangizi. Mwanena ndinu ophunzira."

Khasu linagwa pa phando loyamba. Muzu unaduka kuti thu, ndipo anakoka chiyangayanga chonsecho, masamba ndi maluwa omwe, n'kuchiponya pambali. Misozi inkatsika koma manja sanaime. Anasendera pa phando lachiwiri nakweza khasu.

"Amayi, siyani!" anakuwa Bushra, nagwira mpini ndi manja onse awiri. "Siyani! Ndinanama ine! M'kopemo mulibe njuchi yeniyeni ngakhale imodzi!"

A Fakiri anayamba kuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

"Wati chiyani, Bushra?" anafunsa Tabitha.

"Ndinapita masiku atatu, achemwali, osaona kanthu. Ndinalemba maziro, kenaka ndinafufuta. Enawo ndinkalembera pakhonde." Ankalankhula akulira. "Mundikhululukire. Musawauze amayi kuti azule."

Tabitha anakhala pansi pamzere, kope lili pamiyendo. Bushra ankayembekezera kukalipiridwa, koma mlendoyo anangopumira m'mwamba.

"Maziro amene unafufutawo ndi amene ndinadzera ulendo wonsewu," anatero pang'onopang'ono.

"Musamukalipire mwanayu, ndinamuuza ndine," anatero Mayi Asiyatu.

"Ndi ine," anawonjeza a Fakiri maso adakali kumwamba.

"Aaa, ngati ndi tsiku loulula machimo, nanenso ndilowe," anatero Mayi Enelesi. "Langa lija ndinalemba dzulo, masabata awiri onse nthawi imodzi, ndikudikira nyemba zipse. Ndipo musavutike n'kufunsa enawo. Tonse tinachita upo pachitsime."

Tabitha anagwira pakamwa, osadziwa kuti aseke kapena alire. Koma Mayi Asiyatu sankaseka. Anali atatola chomera chozulidwa chija n'kuchigwira ngati mwana wodwala. Mtima unawawawa kwambiri moti mantha amene anawasunga zaka makumi atatu anawathawa.

"Komatu inunso, alangizi, mundikhululukire pakamwa," anatero. "Ndi njuchi yanji imene ingabwere pa dzungu masana? Duwa la dzungu limatseguka m'bandakucha. Dzuwa likangofika apa," analoza chakum'mawa, pamwamba pa mitengo, "latseka kale, ndipo silitsegukanso. Mwanayu mumamuimika padzuwa kuti awerenge chiyani?"

Tabitha anatseka kope lija. Anayang'ana maluwa ofota aja, nayang'ananso Mayi Asiyatu.

"Amayi, mukunena zoona? Ine ndinakulira m'tauni. Kukoleji ndinkawerenga njuchi pa mpendadzuwa, umene umakhala chitsegukire tsiku lonse. Nthawi ya masana ndinasankha poganizira ana asukulu. Kalanga ine, ndiye ndalakwitsa kuyambira tsiku loyamba! Nanga bwanji simunandiuze pamsonkhano paja?"

"Munthu wa boma amauzidwa?"

"Uyu yekha muzimuuza," anatero Tabitha akudziloza pachifuwa. "Mukapanda kundiuza ndizulitsa minda ya anthu. Taonani ndayamba kale."

Anagwirizana kuti asabwerere tsiku limenelo. Anagona kwa Mayi Enelesi, ndipo m'mawa kusanayere bwino onse anakumana kumunda. Mayi Asiyatu anafika atangomaliza swala, pemphero la m'mawa, kadengu kali m'manja monga ankachitira tsiku lililonse.

Munda unali wina. Maluwa achikasu anali atatseguka ponseponse, mame ali waliwali. Tabitha anaima n'kumangoyang'ana, Bushra atakonzeka ndi pensulo. Mayi Asiyatu sanazolowere kuima chabe m'munda. Akudikira njuchizo anawerama n'kuyamba kuthyola maluwa, thyo, thyo, thyo, akuponya m'kadengu. Manja awo anali achangu zedi, moti posakhalitsa mzere woyamba unatha.

"Amayi, mukutani?" anafunsa Tabitha modzidzimuka.

"Ndiwo, mwana wanga. Chiluwe ichi. Madzulo pofuturu, pomasula kusala kudya, tithira nsinjiro." Ataona nkhope ya mlendoyo anaseka. "Musaope, ine si mwana. Ndikuthyola osabereka okhaokha, awa a phesi lalitali. Obereka ndi awa ali ndi kadzungu kunsi. Amenewo sindikhudza."

"Mumathyola onse? Tsiku lililonse?"

"Chidulire nsomba, inde. Chaka chachitatu chino. Kale tinkangothyola apo ndi apo. Nanga duwa losabereka lisiyidwirenji, ana akusowa ndiwo?"

Tabitha anatenga duwa limodzi m'kadengumo, nalowetsa chala m'kati. Chinatuluka chili ndi ufa wachikasu. Anawaonetsa onse.

"Duwa ili ndi lalimuna, la kadzungu kunsilo ndi lalikazi. Ufa uwu ukapanda kufika m'duwa lalikazi m'mawa womwewo, kadzungu kaja kamachita chikasu n'kugwa. Amene amaunyamula ndi njuchi. Imalowa umu, ufa n'kuimatirira m'miyendo, kenaka imakalowa umo."

Akulankhula choncho kunamveka kulira kwa njuchi. Inali imodzi yokha. Inazungulira mzere umene Mayi Asiyatu anali atathyola, n'kulowa m'duwa lalikazi, n'kutuluka, n'kulowanso m'lalikazi lina, miyendo ili mbee, yopanda ufa. Patapita nthawi kunabwera inzake. Bushra analemba 2.

Mayi Asiyatu anaika kadengu pansi, nawonso n'kukhala pansi pa mame pomwepo.

"Ndiye kuti mbewu ya amayi anga ndakhala ndikuidya ndekha ndi nsinjiro," anatero. "Ndinkanamizira mvula, ndinkanamizira nthaka, mpaka ndinayamba kukayikira anthu osalakwa. Chonsecho ndi manja angawa."

"Si inu nokha, amayi. Mayi anu nawonso ankathyola, koma nthawi imeneyo njuchi zinali zambiri, zinkafika iwo asanafike. Pano zabwera ziwiri zokha, mochedwa, ndiye kuti zikuchokera kutali. Chimene sindikudziwa n'chakuti zapafupi zinapita kuti."

A Fakiri anatsokomola. Anavula chipewa chawo, nachiyang'ana m'kati, nachivalanso.

"Zimenezo ndiye mufunse ine," anatero. "Kukhwawa uko kunali mitengo itatu ya mphako, yonse ya njuchi. Iwiri inagwetsedwa chaka cha referendamu, anthu atati tsopano ndi ufulu, aliyense adule. Inapita ku makala ndi ku zigafa za fodya. Wachitatuwo ndinafula ndine. Ndinalowetsa muuni wamoto m'mphako, njuchi zonse n'kupsa, uchi n'kudzaza ndowa. Ndinkati zibweranso zina. Mpaka lero."

"Mungathe kuziitananso?" anafunsa Tabitha.

"Kuziitana? Ha! Ine njuchi ndimazidziwa ngati ana anga. Chimene sindidziwa ndi kufula osaziwotcha."

"Chimenecho ndikudziwa ine. Tisinthana."

Koma njuchi sizibwera tsiku limodzi, ndipo maluwa a m'mawa umenewo sakanadikira. Tabitha anatenga duwa lalimuna, nalisenda mpaka kutsala kamtengo ka ufa kokha, nakapaka mosamala m'kati mwa duwa lalikazi. Anachita kamodzi, kachiwiri anapatsa Mayi Asiyatu. Manja aja othyola chiluwe anaphunzira msanga kuposa a mphunzitsi wawo. Bushra ankatsatira m'mbuyo akumanga kaluzi pa duwa lililonse lopakidwa kuti adzalizindikire.

"Ukalamba uno ndasanduka njuchi," anatero Mayi Enelesi atapita kukayesa m'munda mwawo. "Chatsala n'kuluma basi."

"Kuluma ndiye munayamba kale, anzanga," anayankha Mayi Asiyatu, ndipo aka kanali koyamba kuseka mwezi umenewo.

Lachisanu anthu atatuluka kumzikiti, mabanja khumi aja anakumananso pansi pa mango. Ulendo uno Tabitha analankhula pang'ono, eni minda ndiwo analankhula kwambiri. Anayamba iye kuvomera kulakwa kwake pamaso pa onse, ndipo anthu anadabwa, chifukwa chibadwire anali asanamvepo munthu wa mapepala akunena kuti ndinalakwitsa. Zitatero makope anayamba kutuluka, aliyense akuulula zake, kuseka kuli pakamwa. Anang'amba masamba abodza aja n'kuyambiranso. Kuwerenga kunasamukira m'mawa, ana asanapite kusukulu. Za chiluwe anakangana nthawi yaitali, poti ndiwo ndi ndiwo, munthu sungamuuze kuti angosiya. Anathetsa nkhaniyo ndi Mayi Asiyatu. Anati duwa likatseka ntchito yake yatha, koma mumphika limakoma chimodzimodzi, choncho azithyola pobwerera kumunda, osati popita.

Ming'oma inayi yamatabwa inafika, Tabitha n'kuiika pamiyala m'mphepete mwa minda. A Fakiri ataiona anagwira m'chiuno.

"Mwana wanga, iwe ungagone m'nyumba ya padzuwa chonchi, nyerere zikulowa ndi kutuluka? Njuchi imafuna mthunzi, imafuna pamwamba, imafunanso fungo la anzake."

Anaipachika m'mitengo ya kukhwawa, naipaka phula lakale m'kati. Anawonjezapo iwiri yawoyawo, yosema ku thunthu la mgwalangwa umene unagwa wokha. Tabitha ankalemba zonse zimene ankanena, ndipo a Fakiri ankayenda chifuwa chili patsogolo poona kuti mawu awo akulowa m'buku. Iye anawaonetsa kufukiza utsi wozizira wa zitsononkho, woti njuchi zifatse osafa, ndi kusiyako zisa zina kuti zisasamuke. Mayi Enelesi, amene ankadana ndi udzu m'munda kuposa china chilichonse, anavomera monyinyirika kusiya chisoso ndi denje zichite maluwa m'malire.

Bushra ankadzuka m'mawa uliwonse ndi kope lake. Ankalemba 2, mawa lake 1, tsiku la mvula ziro wamkulu bwino wosabisa. Ziro ameneyo sankamuchititsanso manyazi. Chimene chinkamupweteka chinali dzenje la phando lozulidwa lija, limene ankalidutsa tsiku ndi tsiku. Mapando anatsala asanu ndi atatu, ndipo ankadziwa kuti lachisanu ndi chinayi linafa ndi pensulo yake.

Kumapeto kwa Febuluwale a Fakiri anabwera akuthamanga ngati mnyamata, chipewa chili m'manja.

"Zalowa! Achemwali, zalowa! Wamgwalangwa uja wadzaza!"

Patatha sabata zinalowanso mu umodzi wamatabwa. M'mawa wina Bushra anawerenga mpaka khumi ndi zinayi, n'kusokonezeka chifukwa zinkalowa ndi kutuluka mofulumira. Analemba 14, pambali pake n'kuwonjeza kuti mwina zinaposa.

Timaungu ta tiluzi tija sitinagwe tonse. Tina tinagwa ndithu, dzungu lina linadyedwa ndi mbuzi litafika ngati mutu wa mwana, ndipo Mayi Asiyatu anaithamangitsa mbuziyo mpaka kumsewu. Koma asanu anagwira. Anakula, makosi n'kutalika, mawanga n'kuoneka. Mayi Asiyatu ankawayalira udzu wouma kunsi kuti asawole, ndipo sankalola munthu kuwaloza ndi chala.

Ngakhale zinali choncho mtima wawo sunakhazikike. Tabitha anali atawachenjeza kuti dzungu limene linalandira ufa wochepa limatha kukula bwinobwino, koma nthanga zake n'kukhala mphwepwa, makoko okhaokha opanda kanthu m'kati. Dzungu lotere ungadye, koma sungabzale. Choncho phesi la dzungu loyamba litauma mu Epulo, analisunga m'nyumba masabata awiri osalikhudza, kudikira tsiku limene Tabitha adzabwere.

Tsikulo linali Loweruka m'mawa. A Sharifu anali atabwera kuchokera ku Dwangwa, a Fakiri analipo, Mayi Enelesi ndiye sitinganene. Anayala mphasa pabwalo, dzungu n'kuliika pakati. Mayi Asiyatu anatenga mpeni, naupereka kwa Bushra.

"Bushra, dula ndiwe," anatero.

"Ine, amayi? Ine amene ndinazulitsa phando?"

"Iwe amene unagwira khasu. Dula."

Bushra anati bisimila, nalowetsa mpeni. Khungu linali lolimba, moti anachita kutsamira ndi thupi lonse. Dzungu linang'ambika pakati, m'kati muli psuu, fungo lake n'kufika kwa aliyense. Palibe amene anayang'ana mnofuwo. Maso onse anali pa nthanga.

Mayi Asiyatu anatolapo imodzi, naipukuta pa chitenje, naifinya pakati pa zala. Sinaphwanyike. Anaisenda ndi chikhadabo, ndipo m'kati munatuluka mtima wonenepa, wodzaza khoko lonse. Anatola ina kumbali ina, nayonso chimodzimodzi. Anatola yachitatu.

"Alihamudulila," anatero. Anaphimba nkhope ndi mpango nalira mokweza, osachita manyazi ndi mlendo. Mayi Enelesi anaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika, kenaka nawonso anayamba kupukuta m'maso.

Atatonthola, Mayi Asiyatu anakokolola nthanga zonse m'lichero, nazigawa timilu. Kamulu kena anakankhira kwa Mayi Enelesi, kena kwa a Fakiri, tina anati n'ta mabanja a makope aja.

"Ndinkaiumira mbewuyi ngati ndidzapita nayo kumanda," anatero. "Ikanathera m'manja mwanga. Tsopano ikhale m'minda khumi." Kamulu komaliza anakakulunga m'pepala, nagwira dzanja la Tabitha ndi manja awiri. "Aka n'kako, mwana wanga. Ndilibe mawu okwanira. Unabwera kudzatifunsa, ife n'kukunamiza, koma sunatitaye. Zikomo. Mulungu akusunge."

"Zikomo ndinene ndine, amayi. Mukanapanda kundidzudzula tsiku lija, bwenzi nditabwerera ndi buku lodzaza zolakwika." Tabitha anatsegula chikwama natulutsa cholembera. "Koma pali chimodzi. Ndafufuza m'mabuku athu onse, dzungu ili mulibe. Ndikufuna ndililembe kuti ena alidziwe, ndipo pafunika dzina. Mumalitcha chiyani?"

Mayi Asiyatu anayang'ana a Fakiri, a Fakiri n'kuyang'ana pansi. Dzungulo linalibe dzina. Pakhomopo ankangoti maungu a amayi.

"Dzina lililonse lingalowe m'buku la koleji?" anafunsa. "Ngakhale la munthu amene sanapondeko kusukulu?"

"Lililonse limene munganene inu."

Mayi Asiyatu anakhala tsonga, nakonza mpango kumutu.

"Mupatse Bushra cholemberacho, alembe ndi dzanja lake dzina la agogo ake," anatero. "Lemba bwino, mwana wanga, zilembo zikuluzikulu. Lemba kuti Zuhura."